Musakhudze Zigubu Zanga

Linz, 12 Januwale 2003

Obrad, mlongo wanga,

Moni. Sindikufunsa ngati uli bwino, chifukwa pa Khirisimasi ndinakuona ukudya za anthu atatu. Ine ndinafika miyendo itatupa, basi ikununkha adyo ndi masokosi kuchokera ku Čačak mpaka kuno ku Austria. Undiuze ngati chifuwa cha mkazi wako chapola.

Tsopano tamvera, ndipo uwerenge mpaka pansi, osati mizere iwiri monga umachitira. Kuseri kwa nyumba, pafupi ndi nkhuni, ndasiya zigubu zapulasitiki. Inde, zako zija umathiramo kachasu wako wa rakija. Ndinazidula pakati, n'kuziboola pansi ndi msomali wamoto, n'kuthiramo dothi, n'kuzimatanso ndi selotepu. Zivindikiro ndinataya dala.

M'menemo ndafesamo njere za maluwa a amayi. Ndinazipeza m'thumba la epuloni yawo, zitamangidwa m'kampango: ofiira aja opyapyala ngati pepala, ndi kokotić wabuluu wamtali uja ankafika m'chiuno. Zina kulibe pa dziko lapansi. Dimba lawo unalithira simenti iwe, masiku makumi anayi a maliro asanakwane, kuti lole yako izigona pabwino.

Ukudziwa kuti sindinabzalepo ngakhale anyezi. Njirayi anandiuza mayi Haslinger, nkhalamba imene ndimaisambitsa m'mawa uliwonse. Dzina la mwana wawo analiiwala, koma za maluwa saiwala. Akuti njere zoterezi sizidzuka zisanamve chisanu. Chipale chizigwera pakamwa pa chigubu, dothi liziuma, lizisungunuka, liziumanso. Kukafunda zimera zokha. Ndi mmene zinkachitira m'dimba la amayi, zikayoyokera pansi popanda wozisamala.

Choncho musazikhudze. Musazithirire, musazifunditse, musazisunthe. Umuuze mkazi wako Milojka. Ine sindinamuuze, chifukwa tsiku limenelo ndinali nditangochokera kumanda, kumene ndinapeza maluwa ake apulasitiki, apinki ngati nkhama, ali mbuu pamutu pa amayi. Nditamufunsa anati, "Koma alamu, awa safota." Amayi anandiuza ndi pakamwa pawo, ndikuwatembenuza pabedi: "Zaga, musadzandiikire za m'sitolo zija. Munthu wakufa kumupatsa duwa losafa n'kumuseka." Iwe sunamve, unali ku msewu.

Mwambo wa chaka chimodzi amayi chimwalirire uli pa 14 Juni. Ndikufuna pamanda padzakhale maluwa awo enieni. Sindikupempha ndalama, sindikupempha thukuta. Ndikupempha chinthu chimodzi chimene umachidziwa bwino kuposa aliyense: kusachita kanthu.

Mlongo wako,
Zagorka

Brezna, 26 Januwale 2003

Okondedwa alamu a Zagorka,

Landirani moni wochokera kuno kumudzi. Mulungu akusungeni kudziko la eni. Ife tili bwino, kupatula chifuwa changa chimene chinayamba tsiku lija munatsegula zenera chitseko chili chotsegulanso, koma sindikunena kuti ndi inu. Inu muli bwanji? Akukudyetsani kumeneko? Munabwera mutaonda.

A Obrad ali paulendo, anapita ndi matabwa ku Girisi, abwera mwezi wamawa. Kalata yanu yafika ndipo ndaiika kuseri kwa wotchi. Kalata ya mwamuna mkazi satsegula, ndinaleredwa choncho.

Alamu, tinasiyana moipa, ndipo ine mtima sunakhale pansi. Koma Mulungu anandipatsa mpata woti ndikuchitireni kabwino. Tsiku lina popita kukatenga nkhuni ndinapunthwa pa zigubu zanu zitakwiririka m'chipale, zopanda zivindikiro, dothi lili gwa ngati mwala. Ndinaitana a Ljubinka oyandikana nafewa. Iwo anagwira pakamwa, amvekere, "Mayo ine! Munthu wa ku yunivesite kufesa pa chipale? Mabuku amadya mutu." Ine ndinakuikirani kumbuyo. Ndinati, "Ayi, anangoiwala kulowetsa, basi inali pafupi kunyamuka, komanso anali atakwiya." Tinachita kuzikanganula ndi nkhwangwa, zinali zitamatirira pansi.

Musade nkhawa, tsopano zili pamalo abwino kuposa onse m'nyumba muno, pa shelefu ya pafupi ndi chitofu pamene ndimaika mbande zanga za tsabola. Pakamwa pake ndatseka ndi nsanza kuti mphepo isalowe. Ndimathirira madzi ofunda m'mawa uliwonse, ndipo Lamlungu ndimawonjezera madzi a zitosi za nkhuku. Alamu, zamera kale! Timbewu toyera, tatitali ngati ulusi, tonse tikuyang'ana kuzenera. Ine ndafesa tsabola kuyambira ndili mtsikana, palibe mbande inandiferapo.

Ndikudziwa kuti ndi maluwa a apongozi anga, ndinazindikira kampango kawo pa mulu wa nkhuni. Ndiwalera ngati ana. Mukapeza wobwera kuno, munditumizireko mankhwala opaka mawondo aja ndi khofi.

Ine mlamu wanu,
Milojka

Linz, 4 Febuluwale 2003

Alamu,

Moni ndikupatsani chifukwa amayi anandiphunzitsa kutero. Kalata yanu ndinaiwerengera m'chimbudzi cha kuntchito, ndipo malowo anaiyenera.

Pitani kuseri kwa wotchi. Tsegulani kalatayo. Mwamuna wanu sadzafa nazo, sanawerengepo kalata mpaka kumapeto chibadwire.

Ndani anakupemphani? Ndinadula zigubu, ndinaboola, ndinamata, ndinaziika pamzere, ndiye inu ndi Ljubinka mwaona kuti ndinaiwala? Munthu amaiwala ambulera. Saiwala ntchito ya tsiku lathunthu. Koma kwanuko chilichonse chikazizidwa mumachithamangitsira ku chitofu: mwana, mwanapiye, tsabola, mwamuna woledzera. Mumaopa mphepo kuposa tchimo. Amayi munkawafunditsa mabulangete atatu mwezi wa Meyi, mazenera otseka, chipinda chikununkha mkodzo ndi mafuta opaka, iwo akupempha kamphepo. Ndikatsegula zenera inu mumatseka ndikangotembenuka. Tsopano mwachita zomwezo ndi njere zawo.

Ndafunsa mayi Haslinger ndikuwapukuta msana. Ndinati, "Zamerera pa chitofu mu Januwale, nditani?" Anaseka mpaka mano awo oikirira anagwera m'beseni. Akuti zoyera zazitalizo ndi zofiira zija, ndipo ndi mitembo kale: m'nyumba zivunda, panja ziuma. Za zabuluu sananene, anayamba kundiitana dzina la mchemwali wawo.

Chitani izi kalata ikangofika. Chotsani nsanzazo. Lekani kuthirira. Zitosi zanuzo mudye nokha. Ikani zigubu m'khonde lozizira lija, mwina china chingapulumuke. Ine sindikudziwa, ndine woyamba kumene, koma ndinali ndi nzeru zokwanira kufunsa.

Ljubinka mumuuze kuti yunivesite sindinamalize, amakonda kumva zimenezo. Mumukumbutsenso chifukwa chake. Ndinasiya malamulo chaka chachitatu kudzasintha matewera a bambo atafa ziwalo, mwana wamwamuna ali ku usilikali. Kenako a amayi. Lero ndikusinthabe matewera, kungoti a eni dziko lino. Mabuku sanandidye mutu. Anandidya ndi abale.

Mankhwala a mawondo ndapatsa dalaivala wa basi ya Lachisanu. Khofi ayi.

Zagorka

Brezna, 2 Malichi 2003

Achemwali,

Moni. Muli bwanji? Ine ndabwerako, msana ukupweteka.

Makalata anu onse awiri ndawerenga, mpaka pansi. Yachiwiri inachedwa, chipale chinatseka msewu wa kumtunda kuno ndipo wa positi sanakwere kwa masabata awiri. Ndiye malangizo anu anafika zinthu zitatha kale.

Ndinalowa m'khitchini ndikuganiza kuti galu wafera kuseri kwa kabati. Zigubu zanu zinali zitachita chuku, choyera pamwamba, chobiriwira m'mbali, timbewu tonse titagona n'kusanduka mamina. Tintchentche takuda tili ponseponse, m'supu, mu mkate, m'kapu yanga. Milojka ndinamupeza atakhala pamenepo ndi kalata yanu pamiyendo, maso otupa. Ndinati, "Mkazi iwe, watani?" Akuti, "Ndapha amayi kachiwiri." Mwamva zimene mwachita? Munthu ankafuna kukusangalatsani.

Ine sindikanatha kudyera pa fungo limenelo. Ndinanyamula zonse n'kukakhuthula pa mulu wa ndowe kuseri kwa khola la nkhumba, zigubuzo n'kuziwotcha. Tsiku lotsatira chipale chinagwanso n'kukwirira, ndiye palibe choti n'kuona. Nkhani yatha.

Komanso zigubu zimenezo zinali zanga, simunapemphe. Rakija wa chaka chino ndithira m'chipewa?

Maluwa ndi maluwa, achemwali. Ku Čačak kuli sitolo yogulitsa njere m'timapepala, zabuluu ziliko, zofiira ziliko, chithunzi chili pamwamba. Ndigula, Milojka afesa ndi tsabola wake. Ndani adzadziwe? Amayi sadzatuluka kudzanunkhiza.

Chiliza chatha kusema, chakuda, chokongola. Tiike chithunzi chiti, cha pa ukwati wanga kapena cha pa chitupa? Nkhumba ya mwambo ikunenepa bwino. Mudzafike Lachinayi kuti mudzathandize kuwiritsa tirigu wa mwambowo.

Mlongo wanu,
Obrad

Linz, 11 Malichi 2003

Obrad,

Moni.

Dimba la amayi lili pansi pa lole yako. Njere zawo zili pansi pa matuvi a nkhumba yako. Sindikudziwa chimene chatsala choti muchikwirire, koma ndikukhulupirira kuti muchipeza.

Za m'timapepala usagule. Ndani adzadziwe? Ine.

Chithunzi ika cha pa chitupa. Pa ukwati wako amayi sanamwetulire, ndipo tsopano ndikumvetsa.

Pa 14 Juni sindibwera. Wiritsani tirigu wanu, iphani nkhumba yanu, itanani mudzi wonse udzadye ndi kubyukula pa dzina la amayi. Ikani apinki aja, muwatsuke ndi sopo. Ine kandulo ndidzayatsira kuno. Musandilemberenso, kupatula wina akamwalira, ndipo mulembe dzina pa envelopu kuti ndidziwe ngati n'koyenera kutsegula.

Zagorka

Brezna, 6 Juni 2003

Alamu a Zagorka,

Moni. Palibe wamwalira, koma tsegulanibe, ndapota nanu. Muli bwanji? Miyezi yonseyi ndakhala ndikuyamba kalata n'kuiponya m'chitofu. Mankhwala aja anathandiza, zikomo.

Ndili ndi nkhani. Mulu wa ndowe uja a Obrad amayenera kuututa mu Epulo kupita nawo kumunda, koma mukuwadziwa, mawa, mawa. Ine ndikamapita ndi chakudya cha nkhumba ndinkaona m'mbali mwa mulumo mwamera tinthu ta masamba ngati a karoti. Ndinati ndi udzu, ndidzazula. Kenako ndinati ayi, ine zozula ndi zosamala ndasiya, chilichonse ndikachigwira chimafa. Ndinkangodutsa, osayang'anako n'komwe.

Dzulo ndatuluka ndi chidebe, alamu, kuseri kwa khola kuli buluu! Kokotić wa apongozi anga, wamtali mpaka m'chiuno, wina wofiirira, wina woyera pang'ono, monga zinkakhalira kutsogolo kwa nyumba. Ofiira aja palibe ngakhale limodzi, amenewo ndinapha ine. Koma abuluuwa m'khitchini sanamere n'komwe, anangokhala chete m'dothi ngati akudikira kuti awatulutse. Chidebe ndinachigwetsa. A Ljubinka anabwera akuthamanga, anadzilemba mtanda katatu, amvekere, "Ndi Vidosava ameneyu, mpongozi wako, wabwera kudzaona nkhumba yake." Ndinalira, ntchentche zikundilowa m'kamwa, osasamala.

Sindikukupemphani kuti mubwere, ndikudziwa mawu anu sabwerera. Koma mtima wanu ukhale pansi, ulendo uno ndichita bwino. Apulasitiki aja ndachotsa kale. Loweruka la mwambo m'mawa, tisanapite kumanda, ndidzamweta onse ndi chikwakwa, osasiya ngakhale limodzi pa ndowe paja, ndi kukawayala pamanda ponse kuti chiliza chisaoneke n'komwe. Mudzi wonse udzaone kuti apongozi anga agona m'maluwa awo. Ndidzapempha mwana wa a Ljubinka ajambule, ndikutumizireni.

Mundikhululukire.

Ine mlamu wanu,
Milojka

Brezna, 22 Juni 2003

Achemwali,

Moni. Mwafika bwino? Munachoka osatsanzika monga mwa masiku onse, ndiye zimene ndikanakuuzani pamaso ndilemba.

Mudzi wonse ukukamba za inu. Munati simubwera, ife tinauza anthu kuti mabwana anu akukanizani. Ndiye Loweruka m'mawa, alendo atadzaza pabwalo, wansembe akumwa khofi, tikungoona munthu akutsika pa thirakitala ya a Radoje a m'mudzi muno ndi sutikesi, osapereka moni kwa aliyense, osapsompsona ngakhale azakhali a Stana amene anakutambasulirani manja, molunjika kukhola la nkhumba. Wansembe anandifunsa kuti, "Kodi mlongo wanu watsegula m'mimba?"

Ine nditafika ndinapeza mwagwira Milojka pamkono, chikwakwa chili m'mwamba, inu mukukuwa kuti, "Ika pansi, chigawenga iwe!" Mkazi wanga akuti, "Koma alamu, ndi amanda." Inu, "Ukamweta onse, njere za chaka chamawa udzazitenga m'mphuno mwako?" Anthu anamva, achemwali. Azimayi anali pampanda.

Kenako munalowa m'ndowe ndi nsapato za ku Austria mpaka m'akakolo, kusankha, kusankha, ngati mukugula golide, n'kudula awiri okha. Awiri! Ndikudziwa kuti akufa timawapatsa maluwa awiriawiri, koma anayi sakanatheka? Khumi? Manda a amayi athu, chiliza chatsopano, anthu odzaza, pamwamba pake timaluwa tiwiri m'botolo la jamu. A Ljubinka ananong'oneza mokweza kuti, "Zaka zonsezi ku Austria, wabweretsa zimenezi?" Ndipo munaima pafupi ndi wansembe nsapato zosatsuka. Munthu wa Mulungu anafukiza lubani kawiri kuposa mwa nthawi zonse, ndipo sikuti ankafukizira amayi.

Nyama simunadye. Munati munaiona kumene imachokera.

Chimene chandipweteka kwambiri n'chakuti tsopano m'nyumba muno ndilibe mawu. Ndinabwereka ngolo kuti nditute mulu uja, Milojka anaima kutsogolo ndi foloko ya udzu. Akuti, "Alamu anati mpaka njere zikhwime." Wazunguliza waya, nkhuku zikayandikira amazigenda. Kukutentha, fungo likulowa mpaka kuchipinda, ntchentche zili ngati mtambo. Ndinati, "Munthu anakutcha chigawenga pamaso pa anthu." Akuti, "Koma anabwera."

Mulembereni, mumuuze tsiku loti ndidzatute. Sindingathe kukhala chonchi chilimwe chonse.

Mlongo wanu,
Obrad

Linz, 1 Julayi 2003

Alamu,

Moni. Mawondo ali bwanji? Kalatayi ndalemba dzina lanu pa envelopu kuti isakagone kuseri kwa wotchi. Mwamuna wanu mungamuwerengere mokweza, pa nthawi ya chakudya.

Kalata yanu ija inandipeza Lachinayi. Yankho likanafika inu mutamweta kale, ndiye ndinakwera basi. Musaganize zina. Ndinaima pa malire maola ambiri pafupi ndi bambo wina amene ankadya nsomba za m'chitini ndi zala, ndipo njira yonse ndinkakuonani m'maso mwanga muli ndi chikwakwa ndi mtima wanu wabwinowo. Sindinaonepo chinthu choopsa ngati mtima wanu wabwino.

Mawu akuti chigawenga sindikuwabweza. Koma mkono ndinaufinya kwambiri, ndinaona. Pakani mankhwala omwe aja.

Tsopano mverani. Maluwa akayoyoka patsala timatumba. Musatidule tili tobiriwira. Dikirani tifiire, tiume, mpaka mukagwedeza tizilira ngati maseche. Pamenepo dulani ndi lumo, muike m'thumba la pepala, osati lapulasitiki, mupachike m'khonde. Osati pafupi ndi chitofu. Ndibwereze? Osati pafupi ndi chitofu. Ndinafunsa mayi Haslinger kawiri, tsiku lina ndi linzake, kuti ndione ngati anena zofanana, ndipo ananena zofanana.

Obrad adzatuta mulu wake inu mukadzati watha. Likakhala Ogasiti, likhale Ogasiti. Fungolo apirire. Ine ndapirira la anthu ena moyo wanga wonse, ndipo palibe anandibwereka ngolo.

Njerezo muzigawe patatu. Gawo limodzi mukawaze pamanda mu Okutobala, pa dothi la m'mbali mwa chiliza, n'kuchokapo osatembenuka. Lina musunge m'kampango ka amayi. Lachitatu tidzafesa mu Januwale m'zigubu, inu ndi ine, ndipo mudzaboola nokha kuti musadzanenenso kuti ndinaiwala. Muuzeni Obrad agule zigubu zabwino. Chifundo chikadzakugwirani poona chipale, mukafunditse tsabola, mukafunditse Ljubinka.

Iye akuti ndi manyazi kuti maluwa a amayi anamera pa ndowe. Ine sindinadabwe. Amayi anakhala zaka makumi anayi pafupi ndi bambo athu, ndipo chaka chilichonse dimba linkachita buluu. Khola la nkhumba silikanawaopsa.

Khofi ndapatsa dalaivala wa Lachisanu.

Zagorka

Ndinaiwala. Apinki aja ndinaona kuti munawasamutsira pa manda a bambo. Asiyeni pomwepo. Akuwayenera.